Zala Ziwiri Pachibwano

Mtedza wa mbewu unali m'lichero, koma dzanja la Yunike linausiya n'kukwera lokha kuchibwano. Zala ziwiri zinagogoda kawiri. Kenako dzanjalo linakankha mpweya kulozera kumsewu, n'kutsikira pachikhatho cha kumanzere, n'kuyamba kukandakanda. Atazindikira, analikhalira msangamsanga n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina waona.

Panali patapita masiku asanu chiikire m'manda mwamuna wake, Luckson Mtonga, ndipo dzanjali linali litamuvuta kuyambira tsiku lomwelo. Akamatunga madzi, akamasesa, ngakhale pakati pa pemphero, linkangoyamba. Yunike ankachita mantha, chifukwa ankadziwa kumene dzanjalo linaziphunzira.

Luckson anagwa m'dimba Lolemba. Sitiroko inamutseka pakamwa n'kumupha mbali yonse ya kumanzere, ndipo anagona m'chipatala ku boma masiku atatu osatulutsa liwu. Koma dzanja lamanja silinapume. Chibwano, khomo, chikhatho chakufacho. Chibwano, khomo, chikhatho. Maso ali tong'o pa mkazi wake, misozi ikulowa m'makutu. Anamupatsa madzi, anakana. Anamuitanira abusa, sanaleke. Anamwalira anthu asanu atamuzungulira, popanda mmodzi womumva.

Mwana wawo yekhayo, Towela, sanaliko. Iye anabadwa wosamva, ndipo anali ku sukulu ya mishoni, ija imene ana osamva, osaona ndi anzawo ena onse amakhala kalasi imodzi n'kumagona komweko. Esau, mkulu wake wa Luckson, ndiye ananena kuti asamusokoneze. "Azakamba naye chiyani?" anatero. Ndipo kunena zoona, palibe amene anatsutsa. Zaka zonsezi, Luckson akafuna mwana wake ankaponya kamwala pafupi ndi mapazi ake, n'kuloza chidebe kapena khasu. Ansembe atamulangiza kuti aphunzire chinenero cha manja, anayankha kuti iye si wapolisi wa pamsewu. Anthu anaseka, naye anakondwa kuti waseketsa anthu.

Tsopano Towela anakhala pakhonde la khitchini, chikwama chake cha sukulu chili pambali chomangamanga. Chibwerere ku maliro sanachimasule.

Njinga yamoto inaima pansi pa mango dzuwa lisanafike paliwombo. Anatsika a Madamu Ennie Zimba, aphunzitsi a Towela, omwe anamuperekeza ku maliro. Mtima wa Yunike unauma atawaona. Chaka chonsechi, Loweruka lina lililonse, Luckson ankasamba, kuvala shati ya kutchalitchi, n'kupalasa njinga kupita ku boma kuti akukaona feteleza. Feteleza wofuna shati yoyera, Yunike anali asanamuonepo. Pamaliro anayang'ana nkhope za akazi achilendo mmodzimmodzi, ndipo amene analira kuposa mmene mphunzitsi amalirira kholo la mwana anali mayiyu.

"Monile mose," anapereka moni a Madamu, akugwada pang'ono.

"Yewo," anayankha Esau, amene anali atakhala kale pampando wa malemu, akusisita ndevu zake zazitali.

"Pepani nafika pa nthawi yoipa. Nabwela kutenga Towela. Mayeso a Giledi 12 ayamba pa Mande, ndipo akaphonya pepala loyamba ndiye kuti chaka chonse chapita."

"Towela sapita," anatero Esau. "Mvula ili pafupi, mlamu wanga watsala yekha. Azalima na ndani? Komanso tisanamizane, a Madamu. Gonthi akapasa, azagwila nchito yanji? Azayankha foni?"

"Chaka chatha tinali na osamva anayi, onse anapasa. Mmodzi manje ali ku koleji ya uphunzitsi. Uyu wanu masamu ndiye aphunzitsa anzake akumva."

"Zabwino. Azawelenga mizele m'munda."

Esau sanali munthu woipa. Anali chabe mmodzi wa anthu aja amene akapatsidwa chithunzi cha gulu amayamba adzifuna okha. Yunike anafuna kulankhula, koma wamasiye wa masiku asanu satsutsa mlamu wake pabwalo, ndipo mumtima mwake munali dyera lina limene ankachita nalo manyazi: Towela akapita, adzatsala yekha m'nyumba muno ndi dzanjali.

"Si mau anga," Esau anapitiriza. "Ni mau a mwini nyumba. Pakamwa panatsekeka, koma anasiya malamulo, tonse tinaona." Anaimirira, n'kugwira ndevu. "Uyu ni ine, wandevu." Anazunguza dzanja pabwalo ponse. "Izi ni zonse, munda, nyumba, mwana." Anamenya chikhatho. "M'manja mwanga. Masiku atatu anali kukamba zimenezo."

Towela anali atakweza mutu. Ankayang'ana manja a atate ake aakulu, atakwinya pamphumi ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa molakwika.

"Sanachite choncho, alamu," anatero Yunike. Mawuwo anamutuluka asanawapime. "Ndevu sanagwile. Anali kuchita tele."

Analimasula dzanja lija. Zala ziwiri pachibwano, kawiri. Kukankha kulozera kumsewu. Kukanda pachikhatho, zala zitatu zitagwirana nsonga.

Towela anakuwa. Linali liwu limene ankalibisa chiyambire ubwana chifukwa ana anzake ankaliyerekeza, ndipo nkhuku zinabalalika. Anathamanga, anagwira dzanja la amayi ake, analibwezera pachibwano kuti abwereze. Yunike anabwereza. Mtsikanayo anatembenukira kwa aphunzitsi ake, manja akuthamanga ngati akuthyola masamba, koma a Madamu anali atakhala pansi, padothi, chikhatho chili pakamwa.

"Ni chiyani?" anafunsa Esau. "Akuti chiyani?"

"Afunsa kuti amai ake aphunzila kuti dzina lake," anatero a Madamu. "Kusukulu mwana aliyense ali na dzina la manja. La Towela ni ilo, zala ziwili pachibwano, chifukwa cha chipsela."

Onse anayang'ana chipsera chija. Towela anachipeza ali ndi zaka zinayi, atagwa pakaliyala ya njinga ya atate ake. Luckson anakuwa kuti gwiritsa, pali dzenje, koma mwanayo sanamve. Tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti mwana wawo samva, ndipo kuyambira pomwepo Luckson sanamukwezenso panjinga.

A Madamu anapitiriza: "Ichi chachiwili ni 'pita'. Ichi cha pachikhatho ni cholembela pa pepala. Malemu anali kukamba kuti: Towela, pita, ukalembe."

"Bodza," anatero Esau, koma liwu linali litachepa. "Luckson? Manja? Anazionela kuti?"

A Madamu anayang'ana Yunike, osati Esau. "Amama, munikhululukile. Tili na kalasi ya makolo pa Loweluka, mu holo ya tchalitchi. Amuna anu anabwela mu Januwale, anakhala kumbuyo, ananilumbilitsa kuti nisauze munthu, makamaka mwana. Anati zala zao n'zolimba ngati za khasu, safuna kuti mwana awaseke. Anali kufuna kuti tsiku lomaliza mayeso akaime pa geti, amukambitse bwinobwino, popanda kulakwitsa."

Yunike anakumbukira shati yoyera ija. Miyezi khumi anamudyetsa mwamuna wake ndiwo zopanda mchere Loweruka, akuchitira nsanje holo ya tchalitchi. Anamukwiyiranso pomwepo, wakufayo, mkwiyo weniweni. Munthu wanji wodikira kuti adziwe zonse asanapereke moni kwa mwana wake?

A Madamu anamasulira Towela ndi manja zonse zimene ananena. Mtsikanayo sanalire. Anangoima, zala ziwiri zili pachipsera.

Esau anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali. Anafuna kugwira ndevu, dzanja linabwerera panjira. "Munda nizalima ine," anatero potsiriza, akuyang'ana kumanda. Ananyamula yekha chikwama chija n'kukachimanga kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo anachimanga mfundo zambiri kuposa zimene chinkafuna.

Atatsala pang'ono kukwera, Yunike anakoka mkono wa a Madamu.

"Pali china. Ichi sanachite pagulu. Anali kudikila alamu atuluke." Anakunga nkhonya, anaiika pachifuwa, n'kuizunguliza pang'onopang'ono. "Ine n'nayesa chifuwa chimuwawa. Nthawi zonse akachita tele, n'nali kumupaka mafuta."

A Madamu anatsegula pakamwa, koma Towela anawaletsa ndi dzanja. Anatulutsa cholembera m'thumba la yunifomu, anatambasula chikhatho cha amayi ake, n'kulembapo mawu amodzi. Yunike anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Pepani.

"Kwa ine kapena kwa iye?" anafunsa Yunike.

"Anayamba wagwila chibwano?" anafunsa a Madamu.

Yunike anatseka maso. Anaona bedi lija, bulangeti lachipatala, dzanja lokhala ndi dothi la m'dimba m'zikhadabo. "Nthawi zina," anatero. "Nthawi zina anali kungoniyang'ana ine."

Njinga yamoto inalira. Towela anakwera kumbuyo kwa aphunzitsi ake, ndipo asananyamuke Yunike anamugwira manja n'kuwakulunga m'chiuno mwa a Madamu, kuwafinya kuti agwiritse. Anaima pabwalo mpaka fumbi linatha pamsewu wa ku boma.

Anabwerera palichero. Dzanja lija linagona pamwendo, phee, kwa nthawi yoyamba chiikire maliro. Analidikira kuti liyambe, silinayambe. Ndiye analinyamula yekha, anakunga nkhonya, anatembenukira kumanda, n'kuizunguliza pachifuwa, mawu a inki aja ali m'kati mwake.