Mwamuna Wobwereka wa ku Sikelo

Chipatala chitangomaliza kumanga mbali yatsopano ya amayi oyembekezera, nkhani inafika ku Chigumula penti asanaume. Akuti mabedi ndi opukusa, lililonse lili ndi katani yake, ndipo zogona pansi zinatha. Koma Tisungeni, amene pakati pake pachiwiri panali patayamba kuoneka, anagwirapo mfundo imodzi: wobwera ku sikelo ndi mwamuna wake amalowa koyamba n'kukhala pa benchi ya khushoni. Wobwera yekha amadikira panja, padzuwa.

Anawauza amuna ake, a Wilkins, atangoweruka kuntchito ku Ginnery Corner.

"Ine ku sikelo? Ndine thumba la nandolo?" anatero akuvula nsapato. "Nanga Hilda anabadwa bwanji ine kulibe?"

Tisungeni anali munthu wamantha. Ali ndi pakati pa Hilda, mwana wawo woyamba, anakomokapo pamzere, n'kutsitsimuka anthu akumukupiza ndi chivindikiro cha ndowa, ndipo manyazi ake anali asanathe.

Tsiku la sikelo anakwera njinga yamoto ya Bonface, wakabaza wa siteji ya pageti la chipatala. Ataona mzere utazungulira mtengo wa mango mpaka kumpanda, anatembenukira kwa Bonface.

"Achimwene, tandiperekezani mkati. Osayankhula kanthu. Muzingogwedeza mutu."

"Ngati ndani, mayi?"

"Ngati bambo a kunyumba."

Bonface, amene ngakhale chibwenzi analibe, anapukutira nsapato kumbuyo kwa thalauza n'kutsogola, chipewa cha njinga chili m'khwapa.

Vuto linali loti sanangogwedeza mutu. Sisita Ursula, mzamba wamkulu, asanamalize n'komwe kuphunzitsa, iye dzanja lili m'mwamba.

"A Sisita, nanga akamalira dothi la chulu, tizikakumba kapena tizikana?"

A Sisita anamukonda pomwepo. Mwezi wotsatira Bonface anabwera atapisira malaya. Anaphunzira kupuma mwa fuu, fuu. Anaphunzira kusisita msana pa pilo mpaka pilo anasomoka. Abambo ena akamasinza, a Sisita ankamuloza: "Taonani mnzanuyu. Awa ndiye amuna." Pobwerera ankayendetsa njinga pang'onopang'ono mpaka ogulitsa makala ankawapitirira, uku akukalipa: "Mapiritsi a magazi mwamwa? Mayi, musatichititse manyazi."

Tisungeni ankadzifunditsa chitenje mpaka m'maso. Mzimayi aliyense wovala duku loyera ankamuona ngati wa mvano wa kutchalitchi kwawo. Ankadziwa kuti a Wilkins akangomva, banja ligwedezeka.

Matenda anayamba Loweruka masana, a Wilkins ali pakhomo. Anathamanga kukapempha galimoto ya aneba, n'kumunyamula Tisungeni ndi beseni lomwe, akuyendetsa okha. Akulowa pageti la chipatala, Tisungeni anabisa nkhope, koma Bonface anazindikira chitenje. Anasiya kasitomala mwendo uli m'malere n'kuliyatsa liwiro.

Pakhomo la chipinda chochirira panaima Sisita Ursula.

"Masiku ano bambo amalowa nawo, poti tili ndi makatani. Koma mmodzi yekha."

Amuna awiri anaponda kutsogolo. A Sisita anagwira dzanja la Bonface.

"Fulumirani bambo, kasambeni m'manja. Inu adalaivala, benchi ndi iyo."

"Dalaivala ndani?" anafunsa a Wilkins. "Uyu ndi mkazi wanga."

"Aliyense amatero."

"Lobola ndinapereka ine, ku Nsanje, anthu akuona."

"Kuno ku sikelo sitinaione lobolayo. Tinkaona awa."

A Wilkins anayang'ana Bonface, kuyambira chipewa mpaka nsapato. Anayang'ana mkazi wawo. Kenako anaika beseni pansi mwaulemu woopsa n'kutembenuka. Tisungeni anaona zonse zimene zikubwera: ankhoswe pakhonde mawa m'mawa, apongozi akukwera basi ku Nsanje, iye ndi khanda ndi Hilda akubwerera kwa amayi ake ku Mpingwe. Nthawi yomweyo ululu unamugwira m'chiuno, mantha onse n'kubalalika. Anawakoka a Wilkins pa lamba mpaka anabwerera chafutambuyo.

"Bambo a Hilda, mwamuna wanga ndinu. Awa ndinangobwereka poti inu munakana. Mlandu tikakamba ndikachira. Panopa msana ukuduka."

Sisita Ursula anavula magalasi.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikutamanda wakabaza?"

"Koma ndimamvetsera, a Sisita," anatero Bonface motsitsa mawu.

"Khalani chete inu." Anatembenukira kwa a Wilkins. "Mkatimu simoonerera mpira. Wosadziwa kusisita msana salowa. Mukudziwa?"

Anamulowetsa Tisungeni n'kumugoneka pabedi loyandikana ndi chitseko. Iye anasiya kampata pa katani. Ankawaona amuna ake ataima pakhonde, nsagwada zitauma, maso ali kugeti. Anaima choncho mpaka iye anayamba kupemphera chamumtima. Kenako a Wilkins anakhosomola.

"Aise. Amasisita pati?"

Bonface sanachedwe. Anapatsa mayi wina chipewa kuti amugwirire, anagwira khoma ndi manja onse, n'kutulutsa mbuyo, nayamba kubuula ngati ng'ombe.

"Apa, bwana. Pansi pang'ono. Ayi, osati ngati mukutsuka galimoto. Mozungulira."

"Usabuule kwambiri, anthu akuona."

"Weniweniyo abuula kuposa apa. Zolowerani."

Amayi odikirira odwala anadzaza khonde, wina mpaka kukhala pansi ndi phwete. A Wilkins thukuta lili kamukamu, anasisitabe. Tisungeni anafuna kuseka koma mimba sinalole.

Posakhalitsa katani inatseguka. Analowa a Wilkins atavala chovala chobiriwira cha chipatala chakutsogolo kumbuyo.

"Nkhaniyi sinathe," ananong'ona.

"Ndamva. Pansi pang'ono."

Anaika manja pamsana pake, ndipo anapeza malo ake enieni. Kunja Bonface anakuwira pawindo kuti azipuma limodzi naye. A Wilkins anayamba fuu, fuu, mwamphamvu mpaka katani kumagwedezeka. Sisita Ursula anasuzumira.

"Bambo, chepetsani. Ndikulephera kudziwa kuti akuchira ndani."