Chithunzi cha Pachitseko cha Amayi

Kunyumba yosamalira okalamba ku Ludlow anatiuza kuti tibweretse chinthu chimodzi chimene amayi amachidziwa bwino, tichipachike pachitseko cha chipinda chawo. Nambala ya chipinda amaiwala, anatero namwino wake, Bronwen, koma chakunyumba sachiphonya. Ndinangogwedeza mutu. Masiku amenewo ndinkavomera chilichonse, mtima uli zii.

Mchimwene wanga Clive, amene nzeru zake zimathera pafoni, anati, "Iwe Glenys, ukuvutikiranji? Tenga cha chigayo chija."

Chinali chithunzi cha chigayo choyendera madzi: gudumu lalikulu, mitengo, ng'ombe zikumwa pamtsinje. Amayi anachipata posonkhanitsa timapepala ta m'mapaketi a sopo, ndipo chinakhala pabalaza pathu kuyambira ine ndisanabadwe, mpaka msipu wake unasuluka n'kusanduka wabuluu.

Ndinakachipachika ndekha, kunja mvula ikuwaza. Nditacheuka, ndinaona chinzake pachitseko choyandikana, chinanso kumapeto kwa kanjira. Gudumu lomwelo, ng'ombe zomwezo. Kani amayi onse a msinkhu umenewo ankachapira sopo mmodzi.

"Tisinthe?" ndinafunsa.

"Pali china chimene akuchikumbukira?" anatero Bronwen.

Nkhope yanga anali ataiiwala kale chilimwe chatha. Panalibe china.

Mlungu wotsatira ndinapeza bedi la amayi lili lokha. Bronwen ananditengera kuchipinda chakumapeto chija, cha Mayi Pargeter. Eni chipinda anali m'tulo. Amayi anga anali pampando atavala juzi ya Mayi Pargeter, mwana wamkazi wa eni chipindawo akuwapesa tsitsi. Munthuyo ndinali ndisanamuonepo.

"Pepanitu," anatero motsitsa mawu. "Amabwera muno tsiku lililonse. Amanditchula Glenys, ndiye ndimangoyankha. Nanga ndiziwatsutsa?"

Ndinadikira kuti nsanje indigwire, kapena chisoni. Sindinamve kanthu.

"Amayi, tiyeni kuchipinda kwanu," ndinatero, nditawagwira mkono.

Anandiyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira anthu otsatsa malonda pakhomo, n'kuchotsa mkono wawo pang'onopang'ono.

"Zikomo mayi, koma pano ndi pakhomo panga." Kenako anatembenukira kwa uja. "Glenys mwanangu, usaime ngati mtengo. Apatse tiyi alendowa asanapite."

Mwana wa Mayi Pargeter uja anandiyang'ana, chipeso chili m'manja, kudikira kuti ndinene kanthu. Ndinakhala pampando wa alendo. Anandifunsa ngati ndimathira shuga, ndipo ndinamuuza.