Giya Yachisanu ya Kachule

"Tsitsa pang'onopang'ono, mwanawe! Ukufuna undiphwanye chifuwa?"

Bambo ankakuwa ali chagada pansi pa galimoto, ine nditagwira jeke. Giyabokosi yakale inatsika mwaulesi, ikukha oyilo wakuda bii, mpaka inakhazikika pathabwa.

Galimotoyo tinkaitchula Kachule chifukwa cha nyali zake zotong'oka ndi msana wobulungira. Bambo anaigula asanakwatire, ndipo poti mwana wamwamuna analibe, ine wachisamba ndi amene ndinakulira pansi pake, ndikuwapatsira masipanala. Nditakula n'kukhala makaniko, giyabokosi imeneyo ndinaiphwasula kambirimbiri. Giya yachitatu inkafwamphuka yokha pachitunda. Ndikaikonza inkayenda miyezi ingapo, kenako n'kuyambiranso, ndipo zitsulo zake zinali zitasiya kupezeka kalekale.

Nzeru yoisintha inabwera ndi alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, mphunzitsi wamtali wamagalasi, woyankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda. M'mawa womwewo anatsitsa pangolo chinthu chokulunga m'chiguduli.

"Alamu, ndaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale," anatero. "Ndi ya galimoto ya mtundu womwewu, koma yotuluka pambuyo. Ili ndi magiya asanu."

Ndinagwada n'kuiyika pambali pa yakale ija.

"Siingalowe," ndinatero, mtima ukumwetulira. "Mabowo a mabawuti akufanana, inde, koma taonani mano a shafuti iyi. Ndi ang'onoang'ono, sangalumane ndi puleti ya kilatchi yathu. Komanso yatalika."

"Mwanena zoona," anayankha. "N'chifukwa chake ndabwera ndi puleti yake yomwe. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi yakaleyo. Chitsulo chonyamulira giyabokosi tichisunthira kumbuyo, shafuti yopita kumatayala tikaifupikitsa. Koma kuwotcherera sindikudziwa. Pamenepo ndikudalira inu."

Bambo anatulutsa mutu pansi pa galimoto, mano onse pamtunda.

"Wamva, mwanawe? Mkamwini wangayu ali ndi mutu!"

Zaka zonsezo ndikusupuka zala pa Kachule, mawu okoma kwambiri amene ndinamvapo kwa bambo anali akuti, "Basi, manga tione." Ndinaiyang'ana puleti ija, ndinaiyesa pashafuti, ndikupempherera kuti ikane. Inalowa tswii, ngati inabadwira pomwepo.

Alamu aja akanakhala amatama, bwenzi nditawada ndi mtima wonse n'kupuma. Koma ayi, kalikonse ankandifunsa, sipanala akabwereka ankabweza ataipukuta. Masana onse awiriwo anali pansi pa galimoto, mapewa atagundana, akusekerera nkhani zimene ine kunja kuno ndinkangomva mchira wake. Bambo anawafotokozera za tsiku limene Kachule inawafera pamlatho akupita kukaonekera kwa makolo a mayi. Nkhani imeneyo ine ndinali ndisanaimvepo.

Ndikuwotcherera chitsulo kuseri kwa galaja, mng'ono wanga anabwera ndi madzi akumwa.

"Asisi, nkhope yatani? Ngati mwatafuna tsabola."

"Ndi utsi uwu."

"Utsi wake ndi wamtali, wovala magalasi?"

"Choka apa, ungapse," ndinatero. Anachoka akuseka, koma pakona anacheuka, kuseka kutatha.

Chitsulo ndinachiwotcherera bwino kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo. Ndinkafuna bambo akachigwira afunse kuti wapanga ndani, ngakhale ankadziwa. Anachigwira, anachitembenuza, n'kuchipereka kwa alamu.

"Mangani, mkamwini. Chikwana."

Tinamaliza Loweruka lotsatira dzuwa litapendeka. Injini italira, bambo anaponda kilatchi n'kuyesa magiya onse galimoto ili chiimire, akuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Atafika pa yachisanu anaomba chiwongolero ndi chikhato.

"Kwerani tikaiyese!"

Alamu ananditsegulira chitseko cha kutsogolo. "Pitani ndinu, alamu. Ntchito yaikulu mwagwira ndinu."

"Ayi, uyu akaipitsa mpando ndi ovololo yakeyo," anatero bambo. "Mwanawe, longedza zidazi, tikubwera."

Ndinaima pageti ndikumvetsera. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu inagwira pachitunda osafwamphuka. Patali ndinamva injini ikutsitsa mawu n'kuyamba kung'ung'udza mofewa, kaliridwe kamene Kachule inali isanalirepo chibadwire changa. Kanali kokoma, ndipo kanandilasa pamtima.

Anachedwa kubwera. Zida ndinalongedza, pansi ndinasesa, giyabokosi yakale ndinaikokera pakona n'kuifunditsa chiguduli chija. Galimoto italowa pageti, bambo anatsikira mbali ya wokwera, chigongono chitafiira fumbi la pawindo. Pachiwongolero panali alamu. Moyo wanga wonse palibe munthu wina amene anayendetsapo Kachule, ngakhale mayi, ngakhale ine woikonzane.

"Ikuuluka, mwanawe!" anatero bambo, n'kuwagwira alamu paphewa kulowera nawo m'nyumba. "Taona ngati sikudontha oyilo."

Sinkadontha. Nditadzuka pansi ndinatsegula chitseko cha dalaivala kuti ndikweze galasi. Mpando unali utakankhidwira kumbuyo kuti miyendo yaitali ikwane, ndipo pa tinjanji take, pamene dzimbiri linagona zaka zonse osasokonezedwa, panali mizere iwiri ya chitsulo choyera, ikunyezimira.