Makhadi a M'chitini cha Misomali

Pali chinthu chimene mtsikanayu sanauzepo munthu aliyense. Makhadi anayi a Tsiku la Abambo, amene bambo ake ankasunga m'chitini cha misomali, sanalembedwe zimene iye anawawerengera.

Bambo akewo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, moyandikana ndi ometa tsitsi. Ali mwana sanapite kusukulu, choncho chaka chilichonse ankalandira khadi ndi nsonga za zala kuopa kulidetsa ndi polishi, n'kumubwezera kuti, "Tiwerengereni, aphunzitsi." Iye ankawerenga kuti bambo ake ndi abwino kuposa onse, Mulungu awapatse moyo wautali. Koma papepalapo panali zina. Khadi loyamba, limene analemba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, linali lowapempha kuti asamabwerenso kusukulu, chifukwa zovala zawo zimanunkha guluu ndipo anzake amatseka mphuno. Lachiwiri linali funso: bwanji tsiku limene amayi ankalongedza katundu wawo kuti achoke pakhomo, bambowo anangopitiriza kukhoma chidendene cha nsapato ya munthu, osadzutsa n'komwe mutu? Enawo analinso otero. Akalemba, mtima unkakhala m'malo. Akawaona akumwetulira, ankayang'ana kumbali.

Chaka chino analemba zoona, koma zina. Analemba kuti amadziwa kuti nsapato zake za kusukulu sizidzikonza zokha, ndiponso kuti tsiku lotsekera sukulu anawaona ataima kunja kwa mpanda, osalowa. Anaganiza kuti ulendo uno awerenga mawu enieniwo, osasintha.

Masana a tsikulo anawapeza pabenchi pawo, atavala magalasi amene iye anali asanawaonepo. Ometa tsitsi aja anatsamira chitseko, chipeso chili m'thumba la malaya, akuseka. Anamuuza kuti ntchito yamuthera, chifukwa kwa miyezi isanu akhala akuphunzitsa bambo akewo zilembo panyuzipepala yakale makasitomala akasowa. Anati wophunzira wawo wamkuluyo ndi wouma mutu, koma sajomba.

Bambo ake analandira khadi latsopanolo n'kuliika pambali. Anati ayambira loyamba, chifukwa munthu sadumpha kalasi. Anati makhadiwo sanaonetse aliyense, ngakhale ometa tsitsi amene ankawaphunzitsawo, poti ankafuna kuti mawu a mwana wawo adzawamve ndi maso awo. Anatsegula chitini chija ndi mpeni, n'kupukuta manja pathalauza kawiri.

Munthu wina analowa kuti amete, ndipo ometa tsitsiwo anamutsatira. Pakhondepo anatsala awiri.

Mtsikanayo akanatha kulanda khadilo, kapena kunena kuti zolemba za mwana n'zokhotakhota, ayambe latsopanoli. Koma anangoyang'ana chala cha bambo ake, chokhala ndi chikhadabo chosweka, chikuyenda pansi pa zilembo.

"A... ba... ba," anawerenga, n'kumuyang'ana monyadira. "Ameneyo ndi ine."

Iye anagwedeza mutu.

"Mu... sa... ma..." Chala chinaima. Anasendeza magalasi, n'kubweza khadilo patali pang'ono. Anadandaula kuti ometa tsitsiwo sanawaphunzitse zilembo zikagundana ziwiri chonchi, n'kumufunsa ngati mawuwa ndi aja a moyo wautali, chifukwa sakuoneka ngati akulowera kumeneko.

Mtsikanayo anazindikira kuti akanama tsopano, bambowo adzawerenga okha mawa iye ali kusukulu, popanda wowafotokozera kuti amene analemba zimenezo anali mwana wopsa mtima, amenenso ankawadikira pakhomo tsiku lililonse. Anasuntha nsapato zimene zinali pabenchipo n'kukhala pambali pawo. Fungo la guluu linali lomwe lija.

"Tithandizeni, aphunzitsi," anatero bambo akewo.

"Mawuwo ndi akuti musamabwerenso," anayankha motsitsa mawu. "Ababa, zimene ndinkakuwerengerani zaka zonsezi si zimene ndinalemba. Ndinkakunamizani."