Mzere Wachisanu wa pa Botolo

Penate yachinayi ndinaikankha ndi nsonga za zala, bwalo lonse n'kuphulika. Ine Lyndon Garside, goloboyi amene ankamunyoza kuti manja ake ndi obooka! Masapota athu kuseri kwa golo anatsala pang'ono kugwetsa mpanda. Kungogwira ina imodzi, timu yathu ikanakwera ligi yapamwamba patatha zaka khumi ndi ziwiri.

"Botolo, aise!" anakuwa kaputeni wathu Reuben ali pakati pa bwalo. "Werenga botolo!"

A Pilling, mphunzitsi wa magoloboyi, anali atandimatira kapepala ndi tepi pabotolo la madzi: dzina la womenya aliyense ndi mbali imene amakonda. Chimene samadziwa n'chakuti kunsi kwa kapepalako ndinali nditabisa kathumba ka nikotini, tija timapana pakati pa mlomo ndi nkhama. Theka la timu linkagwiritsa ntchito, koma m'bwalo anatiletsa. Tsono ine maola awiri osapana! Chibaba chinandigwira. Ndinati ndipane kaye, mutu ukhazikike, kenako ndiwerenge.

Magolovesi anali onyowa, tepi yosagwirika. Ndinailuma ndi mano n'kukoka. Kathumba kanalowa m'kamwa bwinobwino, nkhama n'kuyamba kuthetheka. Ha, kukoma kwake! Ndiyeno ndinayang'ana mzere wachisanu. Panangotsala dzina: Tattersall. Kutsogolo kwake pepala linali litang'ambika.

Ndinafufuza pa udzu. Palibe. A Pilling ankalumpha kumzere uku akukupiza manja, koma ndani akanamva m'phokoso limenelo? Woyimbira anandilozera pagolo.

Tattersall anaika mpira pansi akuseka. "Mlomo watupa bwanji, achimwene? Njuchi?"

"Menya tione, iwe. Miyendo ngati ndodo za mopu."

Mantha ndinalibe. Ndinkadziona kale nditanyamulidwa m'mwamba, akuyimba dzina langa. Tattersall atathamanga, ndinadziponya kumanja ndi mphamvu zanga zonse. Ndinauluka, anthu inu! Sindinadumphepo mokongola chotero. Mpira unadutsa pang'onopang'ono pakati penipeni, pamene ndinali nditaima.

Pa mapenate owonjezera Reuben anawomba mtengo wa golo, wawo n'kugoletsa. Basi.

Tinalowa m'chipinda chovalira. A Pilling anakhala pambali panga, nkhope itagwa.

"Mwana wanga, ndinakhala masiku atatu ndikuonera mavidiyo a mnyamata uja. Unawerenga?"

"Ndinawerenga, bwana."

"Ndiye kapena ndinalemba molakwika ndine. Ukalamba uwu." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Manyazi anandiwawa kuposa chigolicho. Ndisanaganize ndinalavulira kathumba kaja m'dzanja. Kanatuluka ndi kachidutswa ka pepala katamatirira, konyowa ndi malovu, inki itayamba kusungunuka. A Pilling anavalanso magalasi n'kuwerama. Zilembo zawo zinkaonekabe: ima pakati.