Pa Buluu

Davies wopenta anayala timakhadi ta mitundu ya penti pa khonde, n'kuikapo mwala kuti mphepo isatiulutse. A Abson anakhala pa mpando wawo, manja pa mawondo, osagwira ngakhale kamodzi.

"Sankhani, madala," anatero Davies. "Gileyi ndiye ili pa fashoni. Silverest yonse ni gileyi manje."

"N'chifukwa chake alendo amasochera kumeneko. Nyumba zonse ngati njovu zogona."

Ednah, mwana wawo wamkazi, sanaseke. Anali atabwera kuchokera ku Lusaka m'mawa womwewo. Ndiye amene anamatitsa ming'alu ya m'makoma, ndiye amene anapeza Davies, ndipo ankafuna kuti ntchito ithe mvula isanagwe.

"Atate, onani chabe nyumba mwamene ionekera. Monga kiliniki yosiyidwa. Anzanga akanipereka na motoka nimamvera nsoni."

"Ipentedwe. Sinikana. Koma buluu."

Nyumbayo inali m'mbali mwa msewu wopita ku Chalimbana. Pamene ankaimanga, ponsepo panali minda ya chimanga ndi tchire. Malemu mai Selestina, akazi awo a Abson, ndiwo anasankha buluu wowala, akuti munthu aziiona ali patali. Makondakitala a minibasi anazolowera kufuula kuti "Oseluka Pa Buluu!" poitana otsika akafika pamenepo, mpaka dzinalo linakhazikika ngati la siteji.

Pa siteji yomweyo ndi pamene Terrence, mwana wawo wamwamuna, anakwerera lole ya mnzake yopita ku Joni. Poyamba ankaimba foni. Kenaka ankaimba pa Khirisimasi pokha. Kenaka nambala ija inayamba kuyankhidwa ndi munthu wina wa chinenero chachilendo. Panali patapita zaka zambiri, ndipo m'zaka zimenezo mtengo wa mango wa pakhomo unadulidwa kuti padutse mawaya a magetsi, minda inasanduka mapuloti, anansi akale anagulitsa n'kusamukira ku Nkomeshya, mai Selestina anaikidwa m'manda.

"Akabwera azaona chiyani chamene adziwa?" anafunsa a Abson, akuyang'ana kumsewu. "Mango kulibe. Amake kulibe. Mipanda yokhayokha. Azauza kondakitala ati niseluka Pa Buluu, aseluke, apeze gileyi. Azaganiza kuti tinagulitsa."

"Ali na kamwa. Azafunsa."

"Azafunsa ndani? Awa atsopano a m'mageti sadziwa na dzina langa. Ndipo Terrence umudziwa, ni wamanyazi. Akaona kuti si pathu azakwera basi ina."

Davies anayamba kusanja timakhadi take ngati pali kena kasowa. Ednah anaimirira, n'kukutumula fumbi pa siketi.

"Ine nimabwera mwezi uliwonse, atate. Mankhwala yanu ya shuga ni ine. Malata yakadontha ni ine. Amai pamene anadwala, anagona pansi ku chipatala ni ndani? Napempha kanthu kamodzi chabe pa nyumba ino. Koma imwe mumvera wamene sabwera."

"Iwe sungasowe nyumba, mwana wanga. Olo niipente na makala, uzaipeza."

Iwo ankayesa kuti akumuyamikira. Ednah anatola chikwama chake.

"Pentani mwamene mufunira," anatero. Anawoloka msewu, nakaima tsidya lina kudikira minibasi ya ku tauni, osacheukanso.

Atapita, Davies anatsokomola pang'ono. "So ni buluu, madala. Koma mabuluu ni yambiri. Uti?"

Anayenda ndi timakhadi m'mbali mwa khoma, akufanizira kamodzikamodzi. Dzuwa ndi mvula zinali zitasukulutsa khomalo mpaka kufanana ndi malaya ochapidwa kwambiri. Potsiriza anapeza kotuwirako kamene kanagwirizana nalo.

"Aka. Ndendende."

A Abson anapukusa mutu. "Uyo ni buluu wa ine, wamene nakalamba naye. Terrence sanasiye uyo."

"Manje wakale tizamupeza kuti? Ine sinine ng'anga."

Pafupi ndi zenera panali kabolodi kamatabwa kamene mai Selestina anakhomerapo kale, kolembedwa ndi dzanja lawo kuti pano tigulitsa mazira. Nkhuku zinatha kalekale, koma kabolodiko palibe anakakhudza. A Abson anaima patsogolo pake kanthawi. Kenaka anapempha hamala, nazula misomali okha, pang'onopang'ono kuti thabwa lisang'ambike.

Kuseri kwake kunali buluu wowala, wakuya, ngati wopakidwa dzulo. Davies anaimba kamluzu.

"Iyee! Amai anali na diso lolimba. Uyu azaoneka na ku eyapoti."

"Ndiye amene," anatero a Abson. Kabolodi kaja anakalowetsa m'nyumba, nakaimika pa tebulo.

Davies anapala makoma, napaka, nabwerezanso. Ana a sukulu ankaima kuonerera. Mayi wina wa m'mageti anatsitsa galasi la galimoto yake, nayang'ana, nalikwezanso. Ntchito itatha Davies anatsuka mabulashi ake, natsazika, ndipo pakhomo panakhalanso zii.

A Abson anapempha mnansi wina kuti ajambule nyumbayo pa foni, atumizire Ednah. Foni inaonetsa kuti chithunzi chaonedwa. Yankho silinabwere. Mwezi utatha mankhwala a shuga ochokera kwa Ednah anafika ndi kondakitala, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki.

"Ba sisita akuti ali bize," anatero kondakitalayo, minibasi ikunyamuka kale.

Mvula yoyamba inagwa, n'kutsuka fumbi pa makoma, buluu uja n'kuwala koposa. Masana aliwonse a Abson ankatulutsa mpando pa khonde. Kale ankangotchera khutu ku malole ochokera kutali. Tsopano ankadzukanso pa mpando minibasi iliyonse ya ku Lusaka ikachepetsa liwiro.

"Oseluka Pa Buluu!" anafuula kondakitala tsiku lina chakumadzulo.

Anatsika mnyamata wonyamula thumba la simenti, nalowera ku mapuloti. A Abson anaimabe mpaka chitseko cha minibasi chitatsekedwa, kenaka anakhala pansi. Tsopano ankadikira awiri.