Tsiku Limene a Tifika Anathamanga

Pamsewu wonse wa masitolo panalibe wosadziwa kayendedwe ka a Tifika, bambo wokonza mawotchi. Kaya mvula ikugwa, kaya basi ikuwasiya, iwo phazi linali lomwelo, manja kumbuyo, ngati dziko ndi la atate awo. Ukawafulumizitsa ankangoti, "Tifika," mpaka dzinalo linawakanirira. Akazi awo, telala wa mtima wapachala, zimenezi zinkawatopetsa. "Ine ndikadzafa, inu mudzafika atandikwirira kale," ankatero. Bamboyo ankangoseka.

Mayiyo ankasoka m'chipinda cham'mwamba, ndipo pansi pake panali sitolo ya matiresi ndi penti. Posoka ankavula nsapato, popeza chopondera cha makina chimamveka bwino ndi phazi lopanda kanthu. Masana alionse a Tifika ankakwera masitepe akuseri kudzadya nawo, ndipo asanapereke moni ankasuzumira pansi pa makina. Nsapato zikakhalapo, ankadziwa kuti mwiniwake ali m'nyumba momwemo, ndiye ankakhala pampando n'kudikira.

Tsiku limenelo ulusi wofiira unatha diresi la kasitomala lili pakati. Ndi phuma lawo lija, mayi anangopisa mapazi m'mapatapata a mnzawo amene sanabwere kuntchito, n'kutsika, foni ataisiya patebulo. Ulusi wofanana anakaupeza kutali, kuseri kwa msika. Pobwerera anaona utsi wakuda bii ukufuka pamwamba pa madenga, anthu akuthamangira komweko.

Inali nyumba ankasokeramo ija. Moto unali utagwira matiresi, zitini za penti zikuphulika mkati. Mayi anaima m'khamu kutsidya kwa msewu, akudandaula za makina awo ndi nsalu za eni ake.

Kenako anaona munthu akubwera ndi liwiro kuchokera kumtunda, chipewa chitagwa, malaya akuuluka. Poyamba sanamuzindikire, poti chikhalire sanawaonepo amuna awo akuthamanga. Atazindikira, anakuwa.

"Abambo! Ndili kuno!"

Mawu awo anamira m'phokoso la galimoto ya ozimitsa moto. A Tifika sanacheuke. Anakhotera m'kanjira ka pakati pa nyumba, kolowera ku masitepe akuseri, n'kuzimirira mu utsi.

Mayi anapyola khamu ndi zigongono mpaka anagwidwa dzanja ndi mkulu wa ozimitsa moto.

"Bwererani, mayi. Onse atuluka, mulibe munthu."

"Amuna anga alowera kuseri pompano. Akufuna ine."

"Akaona kuti mulibe, atsika okha."

Mayi anafuna kukhulupirira zimenezo. Koma atayang'ana pansi anaona mapatapata a eni ake kumapazi kwawo, ndipo anakumbukira. Nsapato zawo zinali pansi pa makina.

"Satsika," anatero. "Akaona nsapato zanga satsika. Munthu ameneyu kasikuluwu ka wotchi kakagwa pansi amakwawa mpaka akapeze. Safulumira, komanso sasiya. Chonde, achimwene, ndikugwirani mwendo."

Mkuluyo anawayang'ana kumaso, kenako kumapazi.

"Angakhale mbali iti?"

"Mukakwera, makina ali kuwindo. Kumanzere kuli kachipinda koyezera zovala, kuseri kwake chimbudzi. Ayang'ana monsemo, kenako ayambiranso."

Anyamata awiri anavala zophimba kumaso n'kulowa m'kanjira muja. Mayi anatsala atagwira mtengo wamagetsi, ulusi wofiira uli m'manja. Windo lawo lija linasweka, utsi n'kutuluka ngati wa m'ng'anjo. Mzimayi wina pambali pawo anayamba kupemphera mokweza, ndipo mayi anafuna kumuuza kuti akhale chete, popeza pempherolo linkamveka ngati la pamaliro. Mawu awo aja akuti mudzafika atandikwirira kale ankangobwerera m'mutu. Pakamwa pawo pomwe ndi pamene panawathamangitsa bamboyo, ndipo mayi anadzida.

Anyamata aja anatulukira atanyamula munthu, mutu uli lende, nkhope yakuda ndi mwaye. Anamugoneka pamsewu. Mayi anagwada pambali pake, osatha ngakhale kulira, maso ali pachifuwa kudikira kuti chinyamuke. Chinali chotukumuka modabwitsa. Wa ambulansi atamasula mabatani, munatuluka nsapato ziwiri zakuda, zidendene zake zodyeka mbali imodzi.

"Tinawapeza akukwawa m'kachipinda koyezera," anatero mmodzi wa anyamata aja. "Amakana kutuluka."

A Tifika anatsokomola, n'kutsokomolanso, thupi lonse kugwedezeka. Anatsegula maso ofiira psuu, n'kuyang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenako mapatapata aja.

"Munapita opanda nsapato?" anafunsa monong'ona.

Apa ndi pamene misozi inatsika. Mayi anakwera nawo ambulansi, nsapato zili pamiyendo, dzanja la amuna awo ataligwira zolimba.

"Adalaivala, fulumirani," anatero.

Pansi pa chophimba cha mpweya milomo ya bamboyo inagwedezeka, ndipo mayi anadziwa mawu amene ankafuna kutuluka.

"Inde, tifika," anawayankha. "Koma inu musadzathamangenso. Mwamva? Muzingoyenda monga mwa masiku onse, ine ndizikudikirani."